Mutu 6: Kuphunzitsa luso lofotokoza chinthu: maonekedwe ndi kadyedwe ka mbuna

Chiyambi

M'mutu wapitawu tidakambirana mmene mungaphunzitsire ana kusimba nkhani motsata ndondomeko ya nthawi. M'mutu uno tiona luso lina, lomwe ndi kufotokoza chinthu chamoyo: mmene chimaonekera ndi mmene chimadyera. Luso limeneli ndi lomwe limafunika polemba chimangirizo chofotokoza, ndipo ndi lomwenso mwana amaligwiritsa ntchito pa phunziro la sayansi. Kawirikawiri mwana amene akulephera kufotokoza nsomba m'Chichewa amalepheranso kuifotokoza m'Chingerezi, m'Chipwitikizi kapena m'Chitswana. Vuto lake silikhala kusowa mawu kokha. Amakhala kuti sadazolowere kuyang'anitsitsa chinthu ndi kusankha liwu loyenera.

Chitsanzo chathu ndi mbuna, nsomba zing'onozing'ono za m'miyala ya m'nyanja ya Malawi. Ena mwa inu muli ku Mangochi, ku Nkhata Bay kapena ku Metangula, kumene ana amasambira limodzi ndi nsombazi. Ena muli ku Chipata, ku Lusaka, ku Tete kapena ku Harare. Enanso muli ku Rustenburg, dera la migodi ya pulatinamu m'chigawo cha North West ku South Africa, kumene Chichewa sichiphunzitsidwa m'sukulu za boma, ndipo mwana amachimva kunyumba, kutchalitchi kapena m'kalasi ya Loweruka basi. Phunziro lachitsanzo talikonzera kalasi ya ku Rustenburg chifukwa ndiko ntchitoyi imavuta kwambiri: ana ake nyanja sadaionepo, ndipo nsomba imene amaidziwa ndi usipa wouma kapena ya m'chitini.

Zolinga

Pomaliza mutu uno mutha:

- kufotokoza molondola maonekedwe ndi kadyedwe ka mitundu ingapo ya mbuna
- kuzindikira afotokozi, aneni ndi alumikizi ofunika pofotokoza chinthu chamoyo
- kukonza phunziro la chimangirizo chofotokoza la ana omwe chinthucho sadachionepo
- kuchonga ntchito ya ana poyang'ana kulondola kwa mawu, osati kalembedwe kokha

Nthawi: maola atatu, kuphatikizapo ntchito zonse.

Gawo 1: Zimene mphunzitsi ayenera kudziwa

Simungaphunzitse mwana kufotokoza chinthu chimene inu eni simukuchidziwa bwino. Choncho yambani mwawerenga gawo lino modekha, muli ndi cholembera m'manja.

*Dzina lake*

Dzina loti mbuna lidachokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay. Lidafala m'mabuku a sayansi kudzera mwa Geoffrey Fryer, yemwe adachita kafukufuku wa nsomba za m'miyala ya kumeneko m'zaka za m'ma 1950. Lero alimi a nsomba za m'matanki a galasi ku Germany, ku America ndi ku Japan amatchula dzina lomweli. M'Chichewa liwu loti mbuna lili ndi tanthauzo linanso: dzenje lokumbidwa kuti mugwe nyama. Mwana amene adamvapo za kugwa m'mbuna akhoza kusokonezeka, choncho mulongosole msanga kuti mawu awiriwa amangofanana kalembedwe.

Dzina lina la m'mphepete mwa nyanja ndi chindongo. M'chaka cha 2016 akatswiri adatenga dzina limeneli n'kulipereka ku gulu lina la mbuna, moti tsopano *Chindongo* ndi dzina la sayansi. Auzeni ana zimenezi, adziwe kuti mawu a makolo awo amalembedwa m'mabuku a dziko lonse.

*Kumene zimakhala*

Nyanja ya Malawi, yomwe ku Mozambique amati Niassa ndipo ku Tanzania amati Nyasa, ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo pamalo pakuya kwambiri imafika pafupifupi mamita 700. Muli mitundu ya nsomba yochuluka kuposa m'nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Yambiri mwa mitunduyi ndi ya banja limodzi ndi chambo ndi utaka, ndipo mbuna ndi nthambi imodzi ya banja limeneli. Chifukwa cha nsombazi boma la Malawi lidakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse.

Mbuna zimakhala m'miyala, m'madzi osaya kwambiri momwe dzuwa limafika. Sizikonda kudutsa pamchenga poyera kapena pamadzi akuya chifukwa pamenepo palibe pobisala. Pa chifukwa chimenechi mbuna za pachilumba china zimatha kusiyana ndi za pachilumba choyandikana nacho. Kafukufuku amene Anthony Ribbink ndi anzake a ku Grahamstown ku South Africa adasindikiza mu 1983 adapeza mitundu pafupifupi 200, ndipo yambiri idapezeka pamalo amodzi kapena awiri okha. Kuyambira pamenepo yapezekanso ina yambiri.

Anthu amayerekeza mbuna ndi nsomba za m'matanthwe a korali, monga za ku Bazaruto ku Mozambique kapena ku Sodwana Bay ku KwaZulu-Natal. Kufanana kwake kulipo: zonse ndi zamitundu yowala, zimakhala mothithikana pamalo a miyala, ndipo zambiri zimadya ndere. Koma samalani ndi liwu loti nyanja. M'Chichewa limatanthauza nyanja ya Malawi komanso nyanja yaikulu ya mchere. Mbuna ndi za m'madzi opanda mchere, ndipo m'nyanja ya Malawi mulibe korali.

*Maonekedwe*

Mbuna zambiri ndi zazitali masentimita pakati pa 7 ndi 15. Thupi lake ndi lalitali pang'ono, lophwatalala m'mbali, ndipo chipsepse cha pamsana ndi chimodzi chachitali, choyambira pafupi ndi mutu mpaka pafupi ndi mchira. Mbali yakutsogolo ya chipsepsechi ili ndi minga. Nazi zitsanzo zinayi:

- *Maylandia zebra*: yaimuna ndi yabuluu, ya mizere yakuda yotsika kuchokera kumsana kupita kumimba. Zina zazikazi ndi zamawangamawanga, akuda ndi ofiirira ngati lalanje.
- *Melanochromis auratus*: yaikazi ndi ana ake ndi achikasu, a mizere yakuda ndi yoyera yoyenda chamlitali kuchokera kumutu mpaka kumchira. Yaimuna ikakhwima imasanduka yakuda, mizere yake n'kukhala yowala.
- *Chindongo saulosi*: yaimuna ndi yabuluu ya mizere yakuda, yaikazi ndi yachikasu thupi lonse. Kwawo ndi pamwala umodzi wokha wa pansi pa madzi, wotchedwa Taiwanee Reef, kufupi ndi chilumba cha Chizumulu. Idagwidwa kwambiri ndi ogulitsa nsomba za m'matanki, ndipo tsopano ili pangozi yotheratu.
- *Labidochromis caeruleus*: dzina lachiwirilo m'Chilatini limatanthauza buluu, chifukwa zimene Fryer adaziona ku Nkhata Bay zidali zoyera mopita ku buluu. Koma zimene zidafala m'mashopu a dziko lonse ndi zachikasu, zochokera ku Lion's Cove, kumpoto kwa Nkhata Bay.

Zazimuna zimakhala ndi madontho achikasu pa chipsepse cha kunsi, pafupi ndi mchira, ooneka ngati mazira. Yaikazi ikaikira mazira imawatola n'kuwasunga m'kamwa kwa masabata pafupifupi atatu, mpaka ana atayamba kusambira okha. Nthawi yonseyi mayiyo sadya kwenikweni.

*Kadyedwe*

Apa ndi pamene pali phata la phunziro lathu. Mwala wa m'madzi osaya umakutidwa ndi ndere. Ukaiyang'ana patali imaoneka ngati chinthu chimodzi, koma muli zinthu ziwiri. Choyamba ndi ndere ya ulusiulusi, yomera molimba pamwala. Chachiwiri ndi tinthu tosamatirira tomwe timakhala pakati pa ulusiwo: tindere ting'onoting'ono, mphutsi za tizilombo touluka, ndi tizilombo tina ta m'madzi. Mitundu yambiri ya mbuna imadya pamwala umodzimodzi, koma uliwonse uli ndi pakamwa pake, mano ake ndi kadyedwe kake.

*Maylandia zebra* imalunjikitsa mutu pamwala, n'kukanikizapo pakamwa potsegula. Potseka pakamwapo mano amadutsa mu ulusi wa ndere n'kukokolola tinthu tosamatirira tija, ulusi wake n'kutsala. Tinganene kuti imapesa.

*Petrotilapia*, yomwe ili m'gulu la mbuna zikuluzikulu, ili ndi milomo yochindikala ndi mano ambirimbiri aatali, opyapyala, osalimba, okhala ngati bulashi. Ngakhale itseke pakamwa mano ena amaonekerabe. Iyi imasesa.

*Labeotropheus fuelleborni* ili ndi mphuno yonenepa yolendewera, ndipo pakamwa pake pali kunsi kwa mutu. Imadya mimba itatsala pang'ono kugunda mwala, mano ake n'kumachotsa ndere yomera molimba ija. Iyi imapala. Kaimidwe kameneka kamaithandiza kudya m'madzi osaya momwe mafunde amawomba mwamphamvu.

*Tropheops* ili ndi mutu wotsetsereka ndi pakamwa papang'ono. Imaluma ulusi wa ndere n'kugwedeza thupi cham'mbali mpaka ulusiwo utaduka. Iyi imathothola.

*Labidochromis* ili ndi pakamwa posongoka ndi mano akutsogolo otulukira kunja pang'ono. Imafufuza m'ming'alu n'kumatenga tizilombo kamodzikamodzi. Iyi imatola.

*Cynotilapia afra* imachoka pamwala pang'ono n'kumagwira tizilombo toyandama m'madzi. Iyi imawakha.

Palinso ziwiri zomwe ana amasangalala nazo kwambiri. *Genyochromis mento* imazembera nsomba zinzake n'kubudula zipsepse kapena kusupula mamba. *Pseudotropheus crabro*, ya mizere yachikasu ndi yoderako ngati mavu, imachotsa nsabwe za m'madzi pakhungu la kampango, ndipo kampangoyo amailola. Koma kampango akaikira mazira, mbuna yomweyi imasintha khungu n'kuda bii, n'kuyamba kuba mazirawo.

Mbuna zonse zili ndi mano ena kukhosi operera chakudya, ndipo zodya ndere zili ndi matumbo aatali chifukwa ndere imachedwa kugayika. Dziwaninso kuti tizilombo toyandama tikachuluka, mitundu yambiri imasiya mwala kwa kanthawi n'kukadya timeneto. Choncho chiganizo cholondola ndi chakuti "kawirikawiri imapala ndere", osati "imangodya ndere basi".

Mvula ikakokolola dothi m'minda ndi m'mapiri opanda mitengo, matope amalowa m'nyanja, madzi amada, ndipo dothi limakwirira ndere. Chakudya cha mbuna chimachepa, ndipo mtundu umene umakhala pamwala umodzi ulibe kothawira.

Ntchito 1 (mphindi 20)

Osayang'ananso m'buku, jambulani tebulo la mizati itatu: *dzina la nsomba*, *mmene pakamwa ndi mano zilili*, *mneni wa kadyedwe*. Lembani mitundu isanu. Kenaka yankhani funso ili: kodi mneni woti "kudya" akadakwanira kusiyanitsa mitundu imeneyi?

Gawo 2: Chilankhulo chofotokozera

Mukapatsa ana chithunzi cha mbuna popanda kuwakonzekeretsa, ambiri adzalemba zotere: "Nsomba iyi ndi yokongola kwambiri. Ndi yabwino. Imakhala m'madzi. Imadya zakudya." Ziganizo zinayizi zilibe cholakwa cha malamulo a chilankhulo, koma wowerenga sangaione nsombayo m'maganizo mwake. Ntchito yanu ndi kumuchotsa mwana pa mawu a chisawawa n'kumufikitsa pa mawu olunjika. Pali zinthu zisanu zoti muphunzitse.

1. Mayina a ziwalo. Mutu, mphuno, milomo, mano, maso, mamba, chipsepse cha pamsana, zipsepse za m'mbali, chipsepse cha kunsi, mimba, mchira. Mwana wopanda mayinawa amangoti "apa" ndi "apo".

2. Afotokozi a mtundu ndi kakongoletsedwe. Chichewa chili ndi masinde akale a mitundu: -yera, -da, -fiira, -biriwira, -tuwa. Mitundu ina timaitchula poyerekeza ndi chinthu, monga -a chikasu. Liwu loti -biriwira anthu ena amaligwiritsa ntchito potchula masamba komanso thambo, ndipo poti mbuna zambiri ndi zabuluu, nkhaniyi idzabuka ndithu m'kalasi. Lolani "yabuluu" kapena "yobiriwira ngati thambo". Chofunika n'chakuti wowerenga asaganize za masamba. Phunzitsaninso mawu obwereza: yamizeremizere, yamawangamawanga, yamadonthomadontho. Mivekero nayo imathandiza: kuyera mbee, kuda bii, kufiira psuu, kunyezimira waliwali. Pa mizere, mwana anene kumene ikulowera: yotsika kapena ya chamlitali. Kusiyana kwa *zebra* ndi *auratus* kwagona pomwepo.

3. Agwirizanitsi. Mayina a nsomba ali m'magulu osiyanasiyana, choncho ndi abwino poyeserera. Nsomba ndi mbuna ndi za gulu la I-, Zi-: mbuna yaing'ono imadya, mbuna zazing'ono zimadya. Ana okulira pakati pa zilankhulo zambiri amakonda kugwiritsa ntchito mgwirizanitsi mmodzi pa mayina onse. Musawadzudzule ngati kuti ndi ulesi. Chitswana, Chixhosa ndi Chitsonga nazonso zili ndi magulu a mayina, choncho lamulolo ana amalidziwa kale, chimene akusowa ndi kumva Chichewa chokwanira.

4. Aneni olunjika ndi -ma- wa chizolowezi. Pofotokoza khalidwe la nthawi zonse timati "imapala", osati "ikupala" kapena "idapala". Mwana akasintha nthawi ya mneni pakati pa ndime, ndiye kuti wasiya kufotokoza, wayamba kusimba nkhani. Onjezani aonjezi monga kawirikawiri, nthawi zina ndi makamaka, kuti chiganizo chisanene zoposa choonadi.

5. Alumikizi a chifukwa ndi zotsatira. Chifukwa, choncho, motero, n'chifukwa chake, kuti. Mawu amenewa ndi amene amamanga maonekedwe ndi kadyedwe pamodzi: "Pakamwa pake pali kunsi, *choncho* imatha kupala ndere itagona pamwala." Mwana akatha kulemba chiganizo chotere, wayamba kuganiza mwa sayansi m'chilankhulo chake.

Ntchito 2 (mphindi 15)

a) Malizani ndi mfotokozi wa tsinde la -kulu ndi mneni wa tsinde la -dya m'nthawi ya chizolowezi: chambo, usipa, matemba, kampango, mbuna (zambiri).

b) Lumikizani ziganizo izi ndi mlumikizi woyenera: "*Labidochromis* ili ndi pakamwa posongoka. Imatola tizilombo m'ming'alu."

Gawo 3: Nkhani yachitsanzo

Nkhani ili m'munsiyi ndi ya ana a zaka 10 mpaka 13. Mukhoza kuilemba pa bolodi kapena pa pepala lalikulu.

*Mbuna ya mphuno yolendewera*

*M'miyala ya m'nyanja ya Malawi mumakhala nsomba zing'onozing'ono zotchedwa mbuna. Imodzi mwa izo ndi ya mphuno yolendewera. Imapezeka m'madzi osaya, momwe mafunde amawomba miyala.*

*Nsombayi ndi yaitali ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Yaimuna ndi yabuluu, ndipo nthawi zina imaoneka ndi mizere yakuda yotsika kuchokera kumsana. Zazikazi zambiri ndi zotuwa moderako, koma zina ndi zamawangamawanga. Pamsana pake pali chipsepse chimodzi chachitali cha minga. Mphuno yake ndi yonenepa, yolendewera pamwamba pa milomo, ndipo pakamwa pake pali kunsi kwa mutu.*

*Chakudya chake chachikulu ndi ndere yomera pamiyala. Poti pakamwa pali kunsi, nsombayi siimika mutu pamwala ngati zinzake. Imayandikitsa mimba kumwala n'kumapala ndere ndi mano ake, monga mmene timapalira nkhoko mumphika. Choncho mafunde akamawomba, iyo imapitirizabe kudya. Matumbo ake ndi aatali chifukwa ndere imachedwa kugayika.*

*Madzi akada ndi matope, ndere imakwiririka ndipo nsombayi imasowa chakudya. N'chifukwa chake mitengo ya m'mapiri ndi yofunika ngakhale kwa nsomba za m'nyanja.*

Onani mmene ndime zinayizi zayalidwira: dzina ndi malo, maonekedwe, kadyedwe, ndi mawu otsiriza. Onaninso kuti mphuno ndi pakamwa zatchulidwa kumapeto kwa ndime yachiwiri, kuti ndime yachitatu iyambire pomwepo.

Gawo 4: Phunziro la kalasi ya ku Rustenburg

Amalawi adayamba kale kupita ku migodi ya ku South Africa, ambiri kudzera ku Wenela ndi TEBA. Lero ku Rustenburg, ku Marikana ndi m'madera ozungulira kuli mabanja olankhula Chichewa omwe amagwira ntchito zosiyanasiyana. Mwana wa m'banja lotere amaphunzira m'Chitswana kapena m'Chingerezi, amasewera ndi anzake olankhula Chixhosa, Chisotho kapena Chitsonga, ndipo Chichewa chake chimakhala cha kukhitchini ndi cha moni. Akapita kumudzi, agogo amaseka kalankhulidwe kake, iye n'kungokhala chete. Ngati mawu ofotokozera sawaphunzira kwa inu, n'kovuta kuti akawapeze kwina. Tsatani ndondomeko iyi, yomwe ingatenge maphunziro awiri a mphindi 40.

Sitepe 1: Yambani ndi chogwirika. Bweretsani usipa wouma, utaka kapena nsomba iliyonse yathunthu yogula kushopu. Ana aigwire, aloze ziwalo, inu muzitchula mayina. Musayambe ndi chithunzi cha nsomba yachilendo ana asanadziwe chipsepse ndi mamba.

Sitepe 2: Itanani zilankhulo zonse za m'kalasi. Funsani mmene amatchulira nsomba m'zilankhulo zina zimene amadziwa. Mudzamva *tlhapi* m'Chitswana, *intlanzi* m'Chixhosa, *nhlampfi* m'Chitsonga, *hove* m'Chishona, *somba* m'Chitumbuka ndi m'Chiyao. Lembani onse pa bolodi. Mwana amene amachita manyazi ndi Chichewa chake amamasuka akaona kuti zimene akudziwa kale zawerengedwa.

Sitepe 3: Aneni achitidwe ndi manja. Konzani chipeso, bulashi, supuni ndi mphika wa nkhoko, udzu pang'ono, ndi mbale ya mpunga wosakaniza ndi nyemba zochepa. Mwana mmodzi apese, wina asese, wina apale, wina athothole, wina atole nyemba mu mpunga, wina awakhe kampira. Anzawo atchule mneni. Ku Rustenburg ana amadya pap, choncho nkhoko amazidziwa ngakhale dzina lake lingakhale lachilendo.

Sitepe 4: Onetsani mbuna. Gwiritsani ntchito chithunzi kapena kanema wa pafoni, ndipo mumutsitsiretu kuti intaneti isakuvuteni m'kalasi. Mashopu ambiri a ziweto ku South Africa amagulitsa mbuna pa dzina loti Malawi cichlids. Ngati ilipo yapafupi, pemphani chilolezo chojambula. Funsani ana kuti: pakamwa pali pati? Ndiye mukuganiza kuti imadya bwanji? Alosere asanawerenge.

Sitepe 5: Werengani nkhani yachitsanzo. Ana adule mzere kunsi kwa afotokozi, azungulize aneni a kadyedwe, aike kamtanda pa alumikizi.

Sitepe 6: Lembani limodzi, kenaka aliyense payekha. Kalasi yonse ilembe za *Maylandia zebra*, inu muli pa bolodi. Kenaka mwana aliyense asankhe chamoyo china. Amene akufuna nsomba ya m'nyanja ya mchere mungamupatse parrotfish ya ku Sodwana Bay: mano ake adalumikizana n'kukhala ngati mlomo wa mbalame, imapala ndere pa matanthwe a korali, imapera tizidutswa ta thanthwe ndi mano a kukhosi, ndipo imatulutsa mchenga. Amene akufuna za pafupi alembe za mbuzi, nkhuku kapena njiwa. Funso ndi limodzimodzi: pakamwa pali bwanji, ndipo pamathandiza bwanji kudya?

Sitepe 7: Ntchito ya kunyumba. Mwana afunse kholo, kapena atumize uthenga wa mawu pa WhatsApp kwa agogo kumudzi, kuti amuuze mayina atatu a nsomba ndi mmene iliyonse imaonekera. Perekani sabata yathunthu chifukwa makolo ena amagwira ntchito ya mashifiti. Kumbukirani kuti si banja lililonse lidachokera kunyanja, choncho mayina a nsomba za m'mitsinje ndi m'madambo, monga milamba ndi matemba, alandiridwe mofanana. Musafunse ana za mmene makolo adabwerera m'dzikomo kapena za mapepala awo. Zimenezo zilibe gawo m'phunziroli, ndipo zikhoza kuchititsa kholo kuleka kutumiza mwana.

Ntchito 3 (mphindi 30)

Lembani zimene mungasinthe pa masitepe asanu ndi awiriwa kuti agwirizane ndi kalasi yanu. Ngati muli m'mphepete mwa nyanja, ndi sitepe iti imene ana angakuphunzitseni inuyo?

Gawo 5: Kuchonga

Poti bukuli likugwiritsidwa ntchito m'mayiko angapo, gwirizanani ndi ana za kalembedwe musanayambe kuchonga. Ku Malawi timalemba *chipsepse* ndi *chikasu*, pamene ku Zambia ndi ku Mozambique amalemba *cipsepse* ndi *cikasu*. M'kalasi ya ku Rustenburg mukhoza kukhala ana a mbali zonse. Musachotse malikisi chifukwa cha *c* kapena *ch*, malinga mwanayo asasinthesinthe m'nkhani imodzi. Pochonga dzifunseni mafunso asanu awa:

1. Kodi ziwalo zatchulidwa ndi mayina ake?
2. Kodi munthu amene sadaione nsombayo angaijambule atawerenga?
3. Kodi pali mneni wolunjika wa kadyedwe, kupatula "kudya"?
4. Kodi agwirizanitsi ndi -ma- wa chizolowezi agwiritsidwa ntchito bwino?
5. Kodi pali chiganizo chimodzi chomwe chikulumikiza maonekedwe ndi kadyedwe?

Funso lachiwiri mungaliyese m'kalasi momwemo. Mwana awerenge ndime yake, mnzake ajambule zimene wamva, kenaka ayerekeze ndi chithunzi chenicheni. Pamene chojambulacho chasokera ndi pamene ndimeyo ikufunika kukonza.

Ndemanga pa ntchito

*Ntchito 1:* Mneni woti "kudya" ndi woona pa mitundu yonse, n'chifukwa chake sangasiyanitse mtundu uliwonse. Ngati mudalemba aneni ena a kwanu, monga kukwecha m'malo mwa kupala, asungeni ndipo mukagawane ndi anzanu pa msonkhano wa gulu lanu.

*Ntchito 2:* (a) Chambo chachikulu chimadya. Usipa waukulu umadya. Matemba aakulu amadya. Kampango wamkulu amadya. Mbuna zazikulu zimadya. (b) "*Labidochromis* ili ndi pakamwa posongoka, choncho imatola tizilombo m'ming'alu." Mukhozanso kutembenuza: "Imatola tizilombo m'ming'alu chifukwa ili ndi pakamwa posongoka."

*Ntchito 3:* Palibe yankho limodzi. Aphunzitsi a kunyanja angasiye Sitepe 4 m'manja mwa ana, chifukwa ana a asodzi amadziwa mayina ndi makhalidwe a nsomba omwe sali m'buku lino. Kwa iwo ntchito yaikulu ndi kuyala zimene akudziwa m'ndime zadongosolo.

Kuomba mkota

M'mutu uno taona kuti mbuna zimakhala m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, kuti zazimuna ndi zazikazi kawirikawiri zimasiyana mtundu, ndi kuti mitundu yambiri imagawana mwala umodzi chifukwa uliwonse uli ndi kadyedwe kake. Taonanso zinthu zisanu zofunika pofotokoza chamoyo: mayina a ziwalo, afotokozi, agwirizanitsi, aneni olunjika ndi alumikizi. Pomaliza tayala phunziro loyambira pa chinthu chogwirika ndi pa zilankhulo zimene ana akudziwa kale.

Ntchito yotumiza kwa mlangizi wanu

Phunzitsani phunziroli m'kalasi yanu. Sankhani ntchito za ana atatu: wokhoza bwino, wapakati ndi wovutika. Fufutani mayina awo, chongani potsata mafunso asanu aja, ndipo lembani tsamba limodzi lofotokoza aneni amene adawavuta kwambiri ndi zimene mudzachite pa phunziro lotsatira. Tumizani zonsezi musanayambe Mutu 7.